Mzinda Ukamangidwa Susamutsidwa: Ndime Zoyambirira mu Civilization VI

Bambo wapampando, aphunzitsi athu, makolo amene mwabwera kudzaona chimene chimachedwetsa ana anu pa kompyuta, ndi inu achinyamata eni bwalo lino, ndakupatsani moni nonse.

Mwandipempha kuti ndilankhule za masewera a pa kompyuta otchedwa Civilization. Za nkhondo zikuluzikulu ndi zotumiza chombo kumwezi ndazisiya dala, pakuti zimenezo zimabwera masewera atapsa kale. Ine ndikhala pa ndime 40 kapena 50 zoyambirira, pamene muli ndi kagulu ka anthu osamuka, msilikali mmodzi wa chibonga, ndi mapu amene sakuonetsa kanthu kupatula pamene mwapondapo.

Masewerawa anatuluka koyamba mu 1991 ku America. Anawapanga ndi Sid Meier mothandizana ndi Bruce Shelley pa kampani ya MicroProse, ndipo masiku ano amapangidwa ndi Firaxis ya ku Maryland. Civilization V anatuluka mu 2010, VI mu 2016, ndipo VII mu 2025. Zitsanzo zanga ndizitenga mu Civilization VI pamodzi ndi zowonjezera zake ziwiri, Rise and Fall ya 2018 ndi Gathering Storm ya 2019, chifukwa ndiwo amene ambiri mwa inu muli nawo.

Makolo, kuti tiyendere limodzi, ganizirani bawo. Pa bawo sipakhala kuthamangitsana: mnzako asewera iwe ukudikira, akatha ndiye iwe, ndipo wopambana ndi amene wawerenga bwino asanagwire nkhomo. Civilization amayendanso motero, molandizana, ndime ndi ndime mpaka 500, kuchokera chaka cha 4000 Yesu asanabadwe kukafika 2050. Kusiyana kwake n'kumodzi koma n'kwakukulu. Pa bawo maenje onse 32 ali poyera, nkhomo za mnzako ukutha kuziwerenga. Muno ayi. Dziko laphimbidwa, mdani sukumuona, ndipo ukuyenera kusankha pomanga likulu lako usanadziwe chimene chili kuseri kwa phiri.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo muimva kangapo: ndime iliyonse ili ndi mtengo, ndipo mzinda ukamangidwa susamutsidwa. Zonse zimene ndinene zachokera pa kukokana kwa ziwirizi. Ndazigawa panayi. Choyamba, ndime yoyamba yeniyeniyo. Chachiwiri, kuzonda dziko. Chachitatu, chimene chimachititsa malo kukhala abwino. Chachinayi, mzinda wachiwiri ndi wachitatu, komanso nkhani ya anansi.

Choyamba: ndime yoyamba.

Masewera akatseguka, gulu lanu la osamuka, limene limatchedwa Settler, laima pa kabokosi kena ka mapu, ndipo pambali pake pali msilikali. Funso ndi lakuti: timange pompano kapena tisunthe? Musanayankhe, yendetsani msilikali kaye, Settler pambuyo. Ngati pali chitunda pafupi mukwezeni pamenepo, chifukwa ali pamwamba amaona zimene nkhalango ikubisa. Zimenezi n'zaulere, sizikudyerani ndime. Ambiri amaiwala, n'kumanga mzinda msilikali asanasunthe, kenako n'kuona mtsinje uli timabokosi tiwiri kuchokera pamene amangapo.

Tsopano tiwerengere limodzi, pakuti masamu ake ndi a ku pulayimale. Kabokosi kamene pakhala mzinda kamapereka chakudya 2 ndi mphamvu yopangira zinthu 1 pa ndime iliyonse, ngakhale pakhale pouma chotani. Koma mukamanga pa chitunda cha m'chidikha mumapeza chakudya 2 ndi mphamvu 2. Mphamvu imodzi yowonjezerayo ikuoneka yaing'ono. Tiyerekeze kuti likulu lanu likupanga mphamvu 5 pa ndime. Mzondi, amene m'masewera amatchedwa Scout, amafuna mphamvu 30, ndiye kuti mumudikira ndime 6. Mukakhala pa chitunda paja mukupanga 6, ndipo mzondi atuluka pa ndime 5. Mwaona? Ndime imodzi imene munataya posamukira pa chitunda yabwerera mzondi woyamba asanatuluke pachipata, ndipo mphamvu yowonjezerayo mukhala nayo mpaka masewera atatha.

Ndiye kusuntha ndime imodzi pofuna chitunda kapena mtsinje, sunthani, musaope. Ndime ziwiri, pakhale chifukwa chooneka ndi maso, osati chongoyembekezera. Kupitirira apo, abale anga, mwayamba kudya mbewu. Nthawi yonse imene Settler ali paulendo mulibe chakudya, mulibe sayansi, mulibe chikhalidwe, mulibe ndalama, pamene anzanu amene anamanga pa ndime yoyamba akukula. Poyambirira ndime imodzi imaimira zaka 40. Wosewera amene wayenda ndime zisanu kufunafuna malo opanda chilema wayendetsa anthu ake m'tchire zaka 200. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Malo opanda chilema kulibe, ndipo amene anakonza masewerawa anaonetsetsa kale kuti pamene akuikani pakhale potha kukhalika.

Komanso musagwere mbali inayo, yomanga mwachimbulimbuli poopa kuchedwa. Likulu ndilo lidzabereke mizinda ina yonse. Mu Civilization VI, mtsogoleri mmodzi yekha, Dido wa ku Phoenicia, ndiye ali ndi mwayi wosamutsira ulikulu ku mzinda wina, ndipo ngakhale iyeyo mzinda wakalewo umatsala pomwe unamangidwa. Ndime ili ndi mtengo, inde, koma mzinda susamutsidwa.

Chachiwiri: kuzonda dziko.

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene osewera ambiri amadzinamiza kuti akuchita bwino. Mzondi amayenda timabokosi 3 pa ndime pamene msilikali amayenda 2, ndipo osewera odziwa ambiri amayamba ndi iyeyo likulu likangomangidwa. Mphoto zimene amabweretsa n'zambiri. M'tchire muli timidzi timene wofika woyamba amalandirako mphatso: ndalama, luso, munthu wowonjezera m'mzinda, nthawi zina mmisiri womanga. Mulinso timizinda todziimira patokha, ndipo amene wayamba kukumana nako amapatsidwa kazembe mmodzi waulere, amene amayamba kubweretsa phindu kulikulu nthawi yomweyo. Ndiye pali zimene masewerawa amazitcha Eureka, zomwe zimadula mtengo wa luso ndi 40 pa 100 iliyonse mukachita chinthu china chake. Mukakumana ndi mtundu wina, luso la kulemba latsika mtengo. Mukapeza chodabwitsa cha chilengedwe, monga phiri la Kilimanjaro, luso la kupenda nyenyezi latsika. Mukakumana ndi timizinda todziimira titatu, njira yopita ku maboma oyamba yafupika. Zonsezi amakupatsani ndi munthu mmodzi wa mphamvu 30.

Koma tamverani. Mphatso zimenezi si ntchito yeniyeni ya mzondi, ndi ndiwo chabe. Ntchito yake ndi kukuyankhani mafunso atatu Settler wanu wachiwiri asanabadwe. Mzinda wachiwiri ndikaumanga pati? Mnansi wanga ali mbali iti, ndipo ndani? Achifwamba akuchokera kuti? Mzondi amene wayankha mafunso atatuwa wagwira ntchito yake ngakhale asapeze kamudzi n'kamodzi komwe. Mzondi amene watola mphatso zisanu kutali kwambiri, koma inu simukudziwa chimene chili timabokosi 6 kumpoto kwa likulu lanu, wakulowetsani m'mavuto. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

N'chifukwa chake mzondi woyamba azizungulira, asamalunjike. Ayende mozungulira likulu, motalikirako pang'ono, kutsata mitsinje ndi gombe chifukwa ndiko kumene mudzamange. Wachiwiri ndiye mungamutumize kutali kukafuna mitundu ina. Pali batani louza mzondi kuti aziyenda yekha. Pa ndime zoyambirirazi musalikhudze. Kompyuta sidziwa funso limene inu muli nalo, imangothamangira kulikonse kumene kuli kophimbika, ndipo kawirikawiri imakamupereka m'manja mwa achifwamba.

Funso lakuti mnansi ndani musalipeputse. Mukapeza kuti kuseri kwa nkhalango kuli Montezuma wa Aztec kapena Gilgamesh wa ku Sumeria, dziwani kuti asilikali awo apadera alipo kuyambira ndime zoyambirira, ndiye mphamvu zina zimene mukanamangira mzinda zipite ku mauta. Mukapeza Shaka, muli ndi kanthawi kopuma, chifukwa impi zake zimabwera masewera atapita patsogolo, ngakhale sindikukulangizani kugona tulo tofa nato. Chinthu chimodzi chomwechi, dzina la mnansi, chimasintha zimene mupange pa ndime 20 zotsatira. Umo ndi mmene mungadziwire kuzonda kwaphindu: kwasintha chosankha chanu. Kuzonda kumene sikunasinthe kalikonse kunali kuona malo chabe.

Za achifwamba ndinene mwachidule. Nawonso ali ndi mzondi wawo. Akaona mzinda wanu, pamutu pake pamaoneka chizindikiro, ndipo amathamangira ku msasa wawo kukanena. Akakafika, msasawo umayamba kutulutsa asilikali motsatizana, ndipo ngati uli pafupi ndi akavalo amabwera okwera pa akavalo. Mutchingireni njira kapena mumuphe asanafike. Msilikali woyamba uja asapite kutali pa chifukwa chimenechi. Ndipo mukapha mdani ndi woponya miyala wa gulaye, luso la mauta limatsika mtengo, ndiye vuto lija lakupatsaninso phindu.

Chachitatu: malo abwino ndi otani?

Yambani ndi madzi. Ndibwereze, yambani ndi madzi. Mzinda uliwonse uli ndi malire a anthu amene ungasunge. Wopanda madzi umayamba ndi malo a anthu 2. Wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, 3. Wa pamtsinje, panyanja ya madzi abwino kapena pakasupe wa m'chipululu, 5. Anthu akayandikira malirewo kukula kumatsika ndi theka, akafika pamalire kumatsikiratu, ndipo ngalande zokokera madzi sizibwera msanga chifukwa zimadikira luso la uinjiniya. Mukasankha Settler, mapu amasintha mitundu kuti akuthandizeni: pobiriwira kwambiri pali madzi abwino, pobiriwira pang'ono ndi pagombe, potuwa palibe madzi, pofiira simungamange. Mtsinje umathandizanso msika, chifukwa dera la malonda lomangidwa m'mbali mwake limapeza ndalama 2 zowonjezera, komanso mdani wowoloka mtsinje kuti akumenyeni amafika atafooka.

Koma walira mvula walira matope. Kuyambira mu Gathering Storm mitsinje imasefukira, n'kuwononga minda ndi zomanga, nthawi zina n'kupha anthu, kenako n'kusiya nthaka yachonde kuposa kale. Mapiri ophulika nawo amachita chimodzimodzi. Ine maganizo anga ndi akuti chigwa chosefukira musachithawe, phindu lake limaposa zowawa zake, bola musaunjike zinthu zanu zonse zamtengo m'mphepete mwa madzi musanamange damu.

Pambuyo pa madzi, werengani chakudya ndi mphamvu. Munthu aliyense m'mzinda amadya chakudya 2 pa ndime, ndiye kabokosi kopereka 2 kamangodyetsa woulimayo, sikakulitsa mzinda. Mufune timabokosi tiwiri kapena titatu topereka zochuluka, tina chakudya, tina mphamvu, monga zitunda za nkhalango. Ndipo apa pali msampha. Mzinda umatha kugwiritsa ntchito malo mpaka timabokosi 3 kuchokera pakati pake, koma pomangidwa umangolandira mzere woyamba wokha wouzungulira. Mzere wachiwiri umabwera pang'onopang'ono kapena mochita kugula, ndipo wachitatu mwina muufika masewera ali pakati. Wosewera watsopano amaona chuma chili pa mzere wachitatu n'kuchiwerenga ngati chake kale. Werengani mzere woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu ndi lonjezo chabe.

Kenako zinthu zamtengo wapatali, zimene zimasangalatsa anthu. Mtundu uliwonse umene muli nawo umatonthoza mizinda 4, ndipo mukapeza wachiwiri wa mtundu womwewo ndi wogulitsa basi. Ndiye mzinda watsopano ukalunjike pamene pali mtundu umene mulibe. Mayina ake muwazindikira: tiyi, khofi, fodya, thonje, shuga, minyanga. Chimanga chilimonso, ngakhale sichili m'gulu limeneli, chinawonjezeredwa mu 2020, koma m'masewerawa chimabweretsa ndalama osati chakudya. Amene anaganiza zimenezo ku Maryland zikuoneka kuti sadya nsima.

Chimene chinasintha kwambiri mu Civilization VI n'chakuti sukulu, misika, malo opembedzera ndi mafakitale sizimangidwanso m'kati mwa mzinda. Chilichonse chimafuna kabokosi kakekake pa mapu, ndipo phindu lake limadalira zimene chayandikana nazo. Dera la maphunziro limapeza sayansi 1 pa phiri lililonse limene lagundana nalo. Ndiye kabokosi kouma kozunguliridwa ndi mapiri atatu, kamene mlimi sangakayang'ane kawiri, ndi chuma. Musanamange mzinda, lozani ndi chala: sukulu idzakhala apa, msika apo. Ngati chala chikusowa poloza, malowo ndi okongola chabe.

Malamulo onsewa muwapime ndi mtundu umene mukusewera. Mali wa Mansa Musa amapindula ndi chipululu chimene ena amachithawa, chifukwa mzinda wake umalandira chakudya ndi chikhulupiriro pa kabokosi kalikonse ka chipululu koyandikana nawo. Egypt amamanga msanga m'mbali mwa mtsinje ndipo kusefukira sikumuwononga. Kupe wa Maori amayambira pakati pa nyanja, moti kwa iyeyo zoyenda ndime zingapo si kusankha, n'kukakamizika. Malo abwino kwa mmodzi ndi oipa kwa mnzake.

Chachinayi: mzinda wachiwiri, wachitatu, ndi anansi.

Settler woyamba kupangidwa amafuna mphamvu 80, aliyense wotsatira amakwera mtengo, ndipo akatuluka likulu limachepa ndi munthu mmodzi. N'chinthu chodula kwambiri chimene muli nacho pa nthawiyo, ndipo alibe chida. Musamutumize yekha. Wachifwamba mmodzi akamupeza amangomunyamula, ndipo ntchito ya ndime khumi ndi zingapo yapita. Msilikali ayende naye pa kabokosi kamodzi, kapena atsogole kukadikira pamalopo.

Nanga mizinda ikhale ingati? Yankho lakhala likusintha, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake, kuti musatenge malangizo a masewera ena n'kuwaika pa ena. M'masewera oyambirira anthu ankangomwaza timizinda paliponse n'kupambana. Civilization IV wa 2005 anaika ndalama zolipira pa mzinda uliwonse, moti womanga mothamanga ankagwa mphwayi ndi ngongole. Civilization V analanga ndi kusakondwa kwa anthu, ndipo osewera ambiri anazolowera mizinda inayi ikuluikulu. Civilization VII anaika malire a chiwerengero cha midzi ndi mizinda. Koma mu VI, popeza mzinda uliwonse umatha kukhala ndi sukulu yake ndi msika wake, mizinda yambiri ndiyo mphamvu. Pakati pa mizinda iwiri pamafunika timabokosi 3 topanda mzinda, ndipo musachite manyazi kuimanga moyandikana chonchi. Mukafika pa chikhalidwe chotchedwa Early Empire, chimene chimafulumira anthu anu onse akakwana 6, mumapeza lamulo lowonjezera 50 pa 100 pa liwiro lopangira Settler. Pamenepo ndiye nyengo yobzala mizinda yafika. Koma mzinda wachiwiri usadikire lamulolo.

Tsopano funso limene limasiyanitsa osewera: pa malo abwino atatu amene mzondi wapeza, muyambe ati? Ambiri amayamba ndi okoma kwambiri. Ine ndikuti yambani ndi amene mnzanu angakulandeni. Malo amene ali kumbuyo kwanu, pakati pa likulu ndi nyanja, palibe angawafike, akudikirani. Malo amene ali pakati pa inu ndi mnansi, makamaka pa mpata wa mapiri kapena pakhosi pa mtunda wopapatiza, mukachedwa ndime zisanu mupeza mbendera ya wina. Pa mlingo wovuta kwambiri, wa Deity, mtundu uliwonse woyendetsedwa ndi kompyuta umayamba ndi Settler atatu pamene inu muli ndi mmodzi, ndiye dziko limatha mofulumira kuposa mmene mukuganizira. Apanso ndime ili ndi mtengo, ndipo mzinda wa mnzanu nawo susamutsidwa, pokhapokha mwa nkhondo.

Koma kuyandikira kuli ndi malire. Kuyambira mu Rise and Fall mzinda uliwonse uli ndi muyeso wa kukhulupirika, ndipo anthu a m'mizinda yonse imene ili m'kati mwa timabokosi 9 amaukokera kwawo. Kamzinda ka munthu mmodzi komangidwa pakhomo pa likulu la mnzanu, kutali ndi kwanu, kamayamba kutsika ndime ndi ndime, kakafika pansi n'kugalukira, ndipo mapeto ake kamatha kulowa m'manja mwa mnansi yemweyo. Mwamumangira mzinda ndi mphamvu zanu. Settler asanakhazikike, mapu amaonetsa manambala a chikoka chimenechi pa timabokosi, ndiye awerengeni. Ngati nambala ndi yaing'ono, bwanamkubwa woyang'anira mzinda akhoza kuugwira mpaka anthu achuluke. Ngati ndi yaikulu, bwererani m'mbuyo timabokosi tingapo, mumange wina pakati kuti mizinda yanu izigwirana.

Ndipo mukamanga pafupi, mtsogoleri wa mnansiyo adzabwera kudzadandaula, n'kukupemphani lonjezo lakuti simudzateronso. Mukhoza kulonjeza, mukhozanso kukana. Kukana kumamukwiyitsa, koma kulonjeza kenako n'kuphwanya kumamupatsa mlandu waukulu wokusungirani, umene angadzauimike ngati chifukwa chomenyera nkhondo. Ngati mukudziwa kuti Settler wina ali kale m'njira yopita komweko, kanani poyera, ndipo likulu liyambe kusula mauta ndime yomweyo.

Bambo wapampando, ndaima pamenepa. Amene muli ndi mafunso, kapena amene simukugwirizana nane pa nkhani ya chigwa chosefukira, imikani manja.